Nyerere Zandiulula ku Uliwa

Amayi, kaya mwadzuka bwanji uko munapitako?

Ine mwana wanu wa ku koleji ndachita manyazi. Matenda anga sanatulukiridwe ndi dokotala, koma nyerere. Zinkadzazana kuseri kwa nyumba pamene ndimataya madzi, mpaka mkazi wanga Nyauhango anandifunsa ngati ndakwirirapo uchi.

Kuchipatala ku Boma anatenthetsa mkodzo wanga ndi mankhwala m'kabotolo, n'kufiira ngati njerwa. Akuti ndi shuga: thupi likulephera kugwiritsa ntchito zotsekemera, zikungodzazana m'magazi. Akuti amayenda m'mtundu, ndiponso amakonda onenepa ongokhala pampando. Paja munkandisisita mimbayi n'kumati uphunzitsi wandiyanja! Ndiye ludzu lanu lija, Amayi, ndi bala la kuphazi losapola lija, sanali azakhali ayi. Tinawanamizira ufiti.

Mdzukulu wanu Esinati wabereka mtsikana, tamutcha dzina lanu. Mpunga kuno wacha bwino, koma ine andiyezera kambale kamodzi. Mapiritsi m'mawa uliwonse, shuga osalawa. Matendawa sathera pomwepo, munthu umangokhala nawo.

Chandipanikiza ndi mlendo. Atcheyamani a chipani kuno azolowera khonde langa masana aliwonse, ndipo shuga amandithirira okha m'kapu, masupuni anayi. Inu munkati mlendo asamwe tiyi yekha pakhomo panu. Atcheyamaniwa nawonso lamulo lawo ndi lomwelo. Nditawafotokozera za matenda, anandifunsa moseka ngati ndikutanthauza kuti shuga wa dziko lino ndi poizoni. Ndinasekanso, ndikanatani? Kuno ndine wobwera, kalata yanga yopempha kusamuka sinayankhidwe, ndipo mawu otere akafika ku Boma mphunzitsi samaliza teremu. Ndikamwa, maso amachita chifunga, zala zakuphazi dzanzi. Ndikakana, kaya.

Pano alipo. Ndikulemba kalatayi pamaso pawo ngati ndikuchonga makope, tiyi ndikumuthira pang'onopang'ono m'dothi pansi pa mpando. Koma adani anga aja, nyerere, andilondola. Zandandalika kale mzere kuchokera kumpanda, kudutsa pansapato za atcheyamani.

Aimirira tsopano. Ayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako kapu yanga yopanda kanthu. Athokoza ndi "yewo" wawo uja, atenga njinga. Ati mawa tikamwere kwawo. Kwawo, Amayi, pansi ndi pa simenti.

Ndikulonjeza, sindikamwa. Ndakusowani, komatu sindikufuna kukupezani msanga.

Ndine wanu wokukondani,
Yohane