Bokosi la Bolasha

Kobwe,
9 Setembro 1987

Okondedwa achemwali anga a Cacilda,

Ndiyambe ndi kuwongola zomwe mwamva, chifukwa ndikudziwa kuti zafika kale ku Likomako. Akuti galu wanga anauwa, ndipo kuuwako ndiko kunaonetsa amfuti pomwe tinabisala tsiku limene anagwira amuna anu, alamu anga a Bartolomeyo. Si zoona. Bolasha sanauwe. Akufalitsa zimenezi ndi mayi Siti, amene tsikulo anali atafundira chitenje kumutu osaona kanthu, koma lero akufotokoza ngati anali pamwamba pa mtengo. Ine ndinalipo, maso ali otsekula. Ndikuuzani ndekha, kuti mukandida mundidere zenizeni.

Mukukumbuka tsiku lomwe munawoloka ndi mwana wanga Lidiya. Anali atakumbatira kagalu kake, kamene anakatcha Bolasha pokumbuka mabisiketi omwe sanawaonenso chitsekere sitolo. Ibraimo anaima pakati pa ife ndi bwato lake nati, "Galu ayi, aphunzitsi. Ndimaswaliramo muno, ndiponso ndanyamula ufa wa anthu." Mwana atalira mpaka kutha mawu, anafewa pang'ono. "Chabwino. Mukatsekere m'bokosi kasandikhudze, ndipo kathe maola atatu a panyanjawa osaipitsa. Kakatero, ulendo wina ndidzakanyamula pamodzi ndi inu." Ndinamulonjeza Lidiya pamchenga pomwepo. Chimwalirire amake ndamulonjeza zambiri zomwe sindinachite. Ichi chokha ndinati ndichite.

Pano amanditcha Dotolo wa Agalu, pondiseka kuti ndinapita ku Maputo kukaphunzira za ziweto n'kubwerako wopanda pepala. Amaiwala dala kuti sindinalephere mayeso. A boma anatichotsa chaka chachiwiri kuti tikaphunzitse ana, ndipo sukulu yomwe ananditumizayo lero ndi phulusa. Komabe zaka ziwirizo zinandisiyira kanthu m'mutu, kuposa onse ondisekawo mutawaphatikiza. Ndimadziwa kuti galu safuna kuipitsa pomwe amagona, ndipo akamatero pali amene walakwitsa.

Wolakwitsayo ndinali ine. Poyamba bokosi, la sopo lija, linali lalikulu, ndiye kagalu kankagona ngodya ina n'kusandutsa inayo chimbudzi. Choipa koposa, titathawira kuphiri mu Julaye ndinakasiya kotsekeredwa masiku awiri. Pobwera ndinakapeza kali gone pa zoipa zake, osalira, osanyansidwa, kongondiyang'ana. Kanali katazolowera. Kuchokera pamenepo kankangochita pomwe kagona, mwakachetechete, ngati mmene ambiri tikukhalira kuno, koma zimenezo tisiye.

Ndinayambiranso. Ndinkatsuka bokosi ndi phulusa ndi mandimu kuti fungo lisatsale, chifukwa fungo ndilo limakaitanira pomwepo. Ndinkakadyetsa pa nthawi imodzimodzi, ndipo kakangodzuka kapena kudya ndinkakanyamula kupita nako pansi pa mtengo wa mango uja wa kuseri, tsiku lililonse malo omwewo. M'mudzi wonse, munthu mmodzi yekha ndiye ankabwera kudzaona osati kudzaseka, ngakhale naye pakamwa sankatseka.

"Alamu," ankatero a Bartolomeyo, "galu wa kuno sukulu yake ndi ndodo. Mukhutizeni mphuno pamenepo, mawa wakhoza."

"Inu mumawerenga mawu m'tchalitchi Lamulungu lililonse," ndinkawayankha, "mwatembenuza angati ndi ndodo?"

"Sindinayesepo. Mwina ndiye chifukwa chake inu simubwera."

Ndiwo anabweretsa thabwa la benchi yothyoka ya kutchalitchi, n'kuchepetsa bokosi kuti likwane kugona ndi kutembenuka basi. Ndiwo ankasunga mitu ya usipa m'thumba la jekete. Tsiku lina nditapsa mtima ndinakamenya ndi lamba, ine yemwe ndimadziwa kuti kumenya kumangophunzitsa galu kubisa. Anandiona, n'kukatunga madzi otsukira.

Chomwe ndinkafuna kwenikweni chinali chakuti kazipempha. Kakangokanda chitseko cha bokosi kapena kulira pang'ono, ndinkasiya chilichonse n'kuthamanga kukatsekula, n'kukasisita, n'kukapatsa mutu wa usipa. Kanamvetsa, achemwali. Kagalu kamene kankagona pa manyi ake kanaphunzira kudzigwira ndi kuitana munthu. Masiku khumi ndi limodzi bokosi linali louma. Ndinkayenda m'mudzi ngati ndalandira pepala lija.

Lachiwiri la masabata awiri apitawo, m'mawa dzuwa litakwera, ndinali nditangomaliza kukadyetsa pamene mfuti zinalira cha kunjira ya ku Lunho. Tinathamangira kumiyala ya pamwamba pa mtsinje, pomwe tinkasewera tili ana. Bokosi ndinalisenza pamutu, chifukwa ndinali nditalumbira kuti sindidzakasiyanso kotsekeredwa. Mayi Siti anati ndilitaye. Alamu anati, "Musiyeni, ndi kagalu ka mwana wake." Tinalowa pansi pa thanthwe anthu khumi ndi awiri, ena ndi makanda kumsana.

Patapita ola, amfuti asanu ndi mmodzi anafika pamtsinje, pansi pathu penipeni, n'kuyamba kumwa madzi ndi kutsuka mapazi. Nthawi imene Bolasha amatuluka akadya inali itapitirira kale. Anayamba kukanda chitseko. Kenako kulira kuja, kwapansipansi, kwaulemu, monga ndinamuphunzitsira.

"Kapotoleni khosi," ananong'ona mayi Siti.

Alamu anandigwira bondo. "Kasiyeni kachitire momwemo, kakhala chete."

"Sikangachite," ndinatero. "Ndinakaphunzitsa."

Achemwali, mawu amenewa ndinawanena monyadira. Ndi anthu khumi ndi awiri ali pangozi, ine mumtima ndinakondwa kuti galu wanga akukana kuipitsa bokosi. Ndikanangotsekula pomwepo, kakanadzithandiza pamapazi pathu n'kukhala chete, ndipo tikanangopirira fungo. Sindinatero. Ndinaganiza za masiku khumi ndi limodzi aja, kuti kakachitira pomwe tikukhala ndiye ndayambiranso pachiyambi. Ndinakanyamula n'kukwawa nako kuseri kwa thanthwe, mapazi makumi awiri okha, kufuna chitsamba. Ndinali nditavala malaya anga oyera a uphunzitsi, amene inu munandiuza kalekale kuti ndiwasinthe. Mmodzi wa anthu aja anakweza maso.

Ndinagwa muudzu, galu ali pansi pa chifuwa changa. Ndinamva akuitanizana, kenako miyala ikugubuduka pamene anayamba kukwera. Njira yawo inali yolunjika pakamwa pa thanthwe pomwe panali makanda. Ndiye ndinaona alamu akutulukira mbali ina, khasu lili paphewa, akutsika pang'onopang'ono ndi bondo lawo lovuta lija ngati munthu wochokera kumunda. Ndinamva mawu awo bwinobwino: "Ndili ndekha, abwana. Ndimakumba chinangwa." Anawafunsa za munthu wa malaya oyera. Anati, "Ndi chiguduli changa chopukutira thukuta, ndachisiya pamwamba." Anawamenya kawiri ndi thako la mfuti, n'kuwasenzetsa thumba la chimanga, n'kulowera nawo kummawa. Sanacheuke ngakhale kamodzi, kuopa kutionetsa.

Ndiye mwaona kuti galu sanauwe. Anachita zomwe anaphunzitsidwa, ndipo anachita bwino. Akanakhala kagalu kauve kaja ka mu Julaye, amuna anu akanakhala pakhomo pano akusoka ukonde.

Chichitikire zimenezo palibe amene amandipatsa moni. Amuna atatu anabwera ndi chingwe kuti akamize galuyo. Ndinakhala pa bokosi ndi chikwanje n'kuwauza kuti ayambe ndi mphunzitsi wake, popeza ndiye wolakwa. Anachoka akutukwana. Kumiza kagalu ka miyezi isanu mtima ali nawo, koma tsiku lija palibe mmodzi wa iwo amene anatuluka pansi pa thanthwe. Nanenso sindinatuluke muudzu muja. Ndikudziwa, musandikumbutse.

Ibraimo akuti mawu ake ndi mawu ake. Adzabweranso Loweruka, ndipo malo anga ndi a bokosi alipo. Koma nyumba yomwe ndingafikire ku Likomako ndi yanu, ndipo sindingalowemo ngati inu simunanene. Kupepesa sindikudziwa kayambidwe kake, mumandidziwa, ndiponso sindikuona mawu omwe angakwane. Ndingopempha ziwiri. Choyamba, mumuyankhe Ibraimo ndi mawu amodzi, bwera kapena usabwere. Mukati ndisabwere sindidzakutsutsani, ndidzatumiza bokosi lokha, ndipo Lidiya akhale wanu monga wakhalira miyezi iyi. Chachiwiri, mwanayo asamve kuti nkhaniyi ikukhudza galu wake. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Akafunsa, mumuuze kuti wolakwa ndi bambo ake, pakuti n'zoona.

M'thumba lomwe labwera ndi kalatayi muli makaka a chinangwa chomwe alamu anakumba n'kuyanika okha, buku lawo la mapemphero, ndi magalasi awo, amene anawasiya pawindo m'mawa uja. Muli chipewa chawo chaudzu, chimene anali atavala potsika. Anabwera nacho ndi Basílio wa ku Lunho, amene anagwidwa tsiku lomwelo n'kuthawa. Anafika Lamulungu, ali yekha, n'kuchiika pakhonde langa. Sindinamufunse zambiri, pakuti chipewacho chinandiuza chokha kuti alamu sabweranso.

Mundiperekere moni kwa ana anu onse atatu, aliyense pa dzina lake, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti ukonde wa bambo ake ndaupachika m'nyumba, mbewa sizikuufika. Lidiya mumupsompsone pachipumi, mumuuze kuti Bolasha wakula, khutu limodzi laimirira, linalo likukanabe. Inuyo achemwali, amene munandibereka kumsana amayi ali kumunda, amene munagulitsa mbuzi zanu kuti ndikafike ku Maputo, moni wanu sindikudziwa ngati ndili ndi ufulu woupereka. Ndaulemba basi, muchite nawo zomwe mukufuna.

Ndine mlongo wanu,
Casimiro

Lero lakwana tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chimodzi bokosi lili louma.