Maina Obayidwa ndi Minga

Milange, mwezi wa Ogasiti

Okondedwa achimwene a Florentino,

Poyamba ndifunse za moyo wanu ku Beira kumeneko, inu pamodzi ndi alamu anga a Paula ndi ana. Msana uja unkakuvutani ku doko unaleka? Kuno tikudzuka, Mulungu akutisunga. Chiperoni chaka chino chatizunza, koma nandolo wabereka, moti ndayamba kale kugula kwa alimi a ku Majaua.

Ndikanaimba foni, koma pa foni mumandidula mawu. Werengani mpaka kumapeto, mukatero ndiye mukalipe. Nkhani ndi ya mng'ono wanu Ednilson.

Pa maliro a atsibweni a Simão simunabwere, munati kuntchito anakukanizani. Munangomva kuti tawaika bwino. Zotsatira zake simunamve, chifukwa aliyense akuopa kukuuzani. Ine sindiopa.

Mukukumbukira kuti chaka chatha Ednilson atachoka ku universidade kudzamalizira kuno tese yake, buku lija la kafukufuku wa maphunziro ake, ndinu munalamula kuti atenge chipinda cha kutsogolo. Chipinda chokhacho cha simenti, momwe ndimasungira matumba. Nyumba ya amayi imatsala ndi mwana wamkazi, zimenezo mukuzidziwa, koma munagamula muli kutali ndipo ine ndinameza. Matumba anga anakagona kukhitchini, makoswe nkumachita phwando.

Mu Januwale mphenzi inawotcha kompyuta yake. Sanalire nthawi yaitali. Anapachika mphasa m'makoma onse, nkudula makatoni a sopo kukhala timakadi, nkuyamba kumanga ntchito yonse ndi manja.

Kaya anakufotokozeranipo chimene amachita? Amachitcha ontologia. Akuti pali sayansi ya mmene anthu amasungira ndi kupezera zimene akudziwa, koma ophunzira ake sagwirizana kuti nthambi zake ndi ziti ndipo ntchito zake ndi ziti. Iye amafuna kuziyala zonse ngati mtengo, mwa malamulo okhwima oti ngakhale makina awatsate osasochera.

Pamwamba panali kadi limodzi. Pansi pake nthambi: za malaibulale, za nkhokwe za zikalata zakale, za kufufuza pa kompyuta, ndi zina zambirimbiri. Khoma linalo linali la ntchito: kusonkhanitsa, kufotokoza, kusanja, kusunga, kuyankha ofunsa. Kadi lililonse ankalibaya pamphasa ndi munga wa mthethe. Ulusi wofiira unkatanthauza kuti ichi ndi mtundu wa icho. Ulusi wakuda unkatanthauza kuti uyu amagwira ntchito iyi.

Ndiye ankati mtengo wotere umayesedwa ndi anthu enieni, kuti aone ngati aliyense akupeza malo ake. Analemba maina athu. Langa analibaya pansi pa kusanja, poti ndimasiyanitsa nyemba mitundumitundu. Analembanso la mlembi wa kutchalitchi, la mayi wosunga makadi a odwala, ndi la atsibweni a Simão. Onsewo obayidwa ndi minga, onsewo omangidwa ndi ulusi wakuda.

Musaganize kuti sindinamvetse. Ndinamvetsa tsiku loyamba lomwelo. Mwaiwala kuti ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi ine ndinkakhala nambala wani m'kalasi, inu muli cha kumchira? Titabwerera kuno nkhondo itatha, amayi anabereka Ednilson nkumuika pamsana panga, sukulu yanga nkuthera pomwepo. Inu munapitiriza. Iye anapitiriza mpaka kumene kulibenso kopitira. Ine ndinatsala ndi sikelo pamsika.

Ndiye akamandiitana ndi nkhope yowala ija kuti achemwali bwerani muone, mtima unkandipweteka. Ndikunena poyera. Munthu amene ndinamuchapira matewera azindiphunzitsa kusanja zinthu, m'chipinda changa chomwe!

Kumayambiriro kwa Julaye anandiitana akuseka yekha. Anati atsibweni amuphwanyira mtengo. Lamulo lake linkati wosunga aliyense ayenera kukhala ndi cholembedwa chimene akusunga. Koma atsibweni ankasunga zonse m'mutu: malire a minda, amene anaikidwa pati kumanda, amene anathawira kampu iti. Anthu ankabwera kudzafunsa nkuyankhidwa, popanda pepala ndi limodzi lomwe. Ndiye anati kaya atsibweni si wosunga, kaya mtengo wake ndiwo wolakwika, ndipo iye waona kuti wolakwika ndi mtengo.

Anazula kadi la atsibweni ine ndikuona, nkuliika m'chitini cha mkaka. Anati likhale momwemo kufikira atamanga nthambi yatsopano ya zosungidwa m'mutu ndi pakamwa, ndipo nthambi imeneyo ndiyo idzakhale mtima wa tese yonse. Anati tsiku lodzaiteteza adzatchula dzina la atsibweni pamaso pa madotolo a ku universidade.

Sabata isanathe atsibweni anagwa kumunda. Shuga uja anawadya zaka zambiri, ndipo mankhwala ankamwa akakumbuka. Aliyense ankadziwa zimenezo.

Tsiku loika, chiperoni chinatsika mwamphamvu. Anthu anali ambiri, kusiwa kosakwana, ndipo nyumba yathu ndiyo yoyandikana. Ednilson anali kumanda ndi amuna anzake okumba. Chipinda chake anali atakhoma. Kiyi wina ndinali naye ine, ndipo ndinatsekula kuti azimayi ausemo mvula.

Mundifunsa ngati ndinaganiza zimene adzaone. Ndinaganiza.

Poyamba ankangoyang'ana m'makoma. Kenaka mayi wina anawerenga dzina lake pakhoma nkukuwa. Anthu anakhamukira. Msuweni wathu Celso, mwana wa malemu, anafunafuna dzina la bambo ake nkupeza munga wokha ndi ulusi wakuda ukulendewera. Atatsekula chitini analipeza, lili lokha, lobooka pakati.

Titachoka kumanda sitinasambe nkomwe. Anthu anamukhazika Ednilson pansi pa mtengo wa mango, matope ali m'miyendo. Anzake a Celso, anyamata a njinga zamoto aja, anali atabwera kale ndi chigubu cha petulo.

Ednilson anayesa kufotokoza. Mumamudziwa mmene amayankhulira akapanikizika, Chinyanja pang'ono, Chipwitikizi chambiri. Ankati makalasi, ankati maubale, ankati zitsanzo. Mawu aliwonse amene ankatulutsa ankangomukumbira dzenje. Celso anamufunsa chinthu chimodzi chokha, kuti kodi ndi iye anazula dzina la bambo ake asanamwalire? Iye, pokhala munthu wosadziwa kunama, anavomera.

Kenaka anandiyang'ana. Anauza anthu kuti afunse achemwali ake, poti ndinalipo tsikulo ndipo anandifotokozera zonse. Ananena mosakayika, ngati mwana woloza amake.

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinati ine sukulu ndinalekera panjira, za anthu ophunzira sindizidziwa. Ndinati chimene ndinaona ndi maina obayidwa ndi minga, ndipo langa lomwe lilipo, moti nanenso usiku sindigona.

Mukhoza kunena kuti ndinachita mantha, kuti ndikanamuikira kumbuyo akanati mfiti ndi ziwiri. Zimenezonso ndi zoona, ndipo ndi zimene ndidzauze wina aliyense wondifunsa. Koma inu ndinu mlongo wanga, ndikuuzani zenizeni. Pamene nkhope yake inagwa, mumtima mwanga munazizira bwino. Kwa nthawi yoyamba chibadwire chake anali pansi, ine ndili chilili.

Amene anamupulumutsa ku petulo ndi mkulu wina wa mpingo. Anati magazi asakhetsedwe pa maliro. Anati mnyamatayo avomere pamaso pa anthu, apepese, awotche zinthu zakezo ndi manja ake, nkhani ithere pomwepo.

Anakana kawiri. Celso atatsekula chigubu, anavomera. Anamuuza mawu oti anene ndipo anawanena, kuti zinali zaufiti, kuti anazitenga kutauni. Anamuuza kuti akweze mawu poti akumbuyo sanamve. Anakweza.

Anatulutsa mphasa zonse nkuziunjika pabwalo. Machesi anayatsa yekha. Makatoni anali atanyowa ndi chinyezi, ndiye ankanyeka pang'onopang'ono, iye nkumawasonkhezera ndi kamtengo monga anamulamulira. Wina anakumbutsa kuti mufoni mwake muli zithunzi za makoma aja. Nayonso anaiponya pamoto.

Zimene anatumiza kwa aphunzitsi ake kompyuta isanapse ndi zakale, zomwe anamubwezera kuti akonzenso. Ntchito ya miyezi yonseyi inali pamphasa paja ndi mufoni muja basi.

Mawa lake ndinakolopa chipinda nkulowetsa matumba anga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinkayesa kuti iye akwera chapa, minibasi ija, kubwera kwa inu, aliyense nkupuma.

Sanapite, achimwene. Anasamukira kukhitchini kumene kunali matumba kuja. Amadya ndikamupatsa, ndikaiwala sapempha. Tsiku lonse amakhala pakhomo pa khitchini manja ali m'khwapa. Ana opita kusukulu amamugenda, iye osasuntha. Kutchalitchi atalowa, benchi yonse inanyamuka, ndipo sanapitekonso. Ndevu zamera, thupi latha, mukamuona simungati ndi uja munkamunyadira pa zithunzi atavala gauni.

Tsopano wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Moto uja wayamba kundiwotcha ine. Pamsika akunditcha mlongo wa mfiti. Azimayi a ku Muloza amene ankaoloka malire kudzagula kwa ine akulambalala benchi langa. Ena akuti nandolo wanga amachuluka chifukwa cha ulusi uja. Ndinapeza chipinda, koma zimene ndasungamo zikusowa wogula.

Lachiwiri lapitali foni yanga inalira, nambala yachilendo. Anali mayi wina, anati ndi dotora Virgínia, amene amayang'anira tese ya Ednilson. Nambala yanga anaipeza pa mapepala a sukulu. Anati akhala akumufunafuna mwezi wathunthu. Anati kalata yomaliza imene anawalembera, yonena za nthambi ya zosungidwa m'mutu, anaiwerengera anzawo ndipo onse anadzuka pamipando. Anati ngati kompyuta ndiyo vuto amubwereka yawo, nthawi amuwonjezera, malo ogona amupezera, angobwera. Anati mtengo wotere munthu amene anaumanga kamodzi amaumanganso, chifukwa umakhala m'mutu mwake.

Ndikanatha kudula. Sindinadule, ndipo chimenechi mundiwerengere. Ndinaona kuti nayi njira yoti achoke pakhomo pano popanda ine kumuthamangitsa. Ndinathamanga nayo foni kukhitchini, nkumuuza kuti adotora ake akumufuna, zonse zikonzeka.

Anayang'ana foniyo osaigwira. Kenaka anandiyang'ana ine, ndipo munalibe mkwiyo m'maso mwake. Mkwiyo ndikanaupirira. Anayankhula mwaulemu, monga amachitira nthawi zonse. Anati ndiwauze amayiwo kuti asavutike, zinthu zija zinali zaufiti, anavomera kale pamaso pa anthu. Anati atsibweni anawazula ndi iye, ndipo sakufuna kuzulanso wina.

Ndinamukalipira kuti asiye zopusa, tonse tikudziwa kuti atsibweni anafa ndi shuga. Ndinamuuza kuti zamakadi zija ndinazimvetsa bwinobwino, ulusi wofiira, ulusi wakuda, chitini, zonse. Anapukusa mutu pang'onopang'ono. Anati ayi achemwali, inu munanena zoona tsiku lija, musadzinamize chifukwa chondimvera chisoni. Anati munthu amene anamulera pamsana sakanamunamizira.

Adotora aja anali akadali pa foni, akuitana dzina lake. Ndinadula.

Ndiye pempho langa ndi ili. Bwerani mudzamutenge mwezi uno usanathe. Musatumize ndalama ya chapa, sangakwere yekha. Mubwere inu ndi miyendo yanu. Mukafika musaitanitse msonkhano wa banja, musapite kwa Celso kukatsutsa, chifukwa mukatero petulo uja adzabwerera, ndipo ulendo uno adzafunsa amene anatsekula chitseko. Ine ndili ndi ana oti ndilere.

Nambala ya adotora ndailemba kuseri kwa pepalali. Mwina inu akakumverani. Mukhoza kumuwerengera kalata yonseyi ngati mukufuna, sindikuletsani. Ine ndayesa kumuuza kangapo konse kuti ndinanama, koma sakundikhulupirira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Paula, muwauze kuti nyemba zawo zofiira ndawasungira. Ana onse muwapatse moni wa azakhali awo. Mulungu amene anatitulutsa m'nkhondo akuyendetseni bwino pamsewu, ndipo pobwera mutenge malaya ochepera, chifukwa ake onse akumukhwepa.

Ndine mlongo wanu,

Isaura