Makiyi a pa Waya

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndine mkulu wako wodula makiyi, amene chaka chino ndakwanitsa zaka 74, ngati amene analemba pa chitupa changa sananame. Kodi muli bwanji kumeneko, iwe ndi alamu anga? Msana uja unaleka kukuvuta? Ife kuno tilipo. Mlamu wako shuga wake watsikako, koma mankhwala akumwabe. Ine ndi mawondo basi. Zilembo zikakhota usandiseke, ukudziwa kuti cholembera ndinachigwira imvi zitamera kale.

Nkhani za kuno ndi izi. Msewu wa kutsogolo kwathu akuukumba kuti aikemo mapaipi, ndiye fumbi lake tikuchita kulitafuna. Mwana wathu wamkazi wachiwiri uja wayamba ntchito yosoka makatani, akuti zala zikumuwawa koma sakudandaula. Denga la chipinda chathu likudonthabe pakona pomwe paja. Izi ndi zazing'ono. Yaikulu ndi ya ku ntchito kwanga, ndipo ndikufotokozera mwapang'onopang'ono kuti pempho langa ulimvetse.

Iwe sunafikepo pamene ndimagwirira ntchito. Ndi pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndakhalapo zaka 19. Ndili ndi tebulo, makina odulira, tupa ndi kampando ka kasitomala. Chikwangwani ndilibe. M'malo mwake ndinamanga waya pansanamira, n'kumapachikapo makiyi. Kiyi ukamudula nthawi zina amakana kuzungulira m'loko. Mwini wake amabwera naye, ndimamudulira wina osamulipiritsa, wokanayo n'kumupachika pa waya. Enanso ndi otoledwa mumsewu, ena ndi a maloko amene anatayidwa kalekale. Pazaka zonsezi anachuluka ngati phava la nthochi. Mphepo ikawomba amalira, dzuwa likawala amanyezimira, munthu ali kutsidya la msewu amadziwiratu kuti apo pali wa makiyi. Ife onse a ntchito imeneyi timatero, palibe anaganizapo kuti n'kulakwa.

Kumbuyo kwa sitoloyo kuli nyumba yosanja kanayi, ya zitseko 36, ndipo makasitomala anga ambiri ndi a mmenemo. Mwezi watha kwa mayi wina wa mmenemo, namwino, kunalowa wakuba masana iye ali ku ntchito. Anatenga wailesi ya kanema ndi kompyuta ya mwana wake. Chitseko sanathyole, zenera sanakhudze. Anatsegula bwinobwino, potuluka n'kukhomanso ngati mwini nyumba. Tsoka langa ndi lakuti masabata awiri m'mbuyomo mayiyo anali atadulitsa kiyi kwa ine.

Sanabwere kudzanditukwana, ayi. Akanabwera, bwenzi zili bwino. Ndinangoona kuti kampando kaja kakukhala kopanda munthu Lolemba, Lachiwiri, mpaka Loweruka. Amene anandiuza ndi mayi wogulitsa zipatso pafupi nane, amene pakamwa pake palibe loko. Anati agogo, mwatchuka, anthu akuti pawaya panupo mwapachika nyumba zawo zonse, ndipo amene akufuna kanema angobwera kudzathyola ngati mango. Anaseka, nanenso ndinaseka.

Tsiku lomwelo mwini sitolo anandiitanira mkati. Ndi munthu wofatsa, sitinayambanepo. Anati makasitomala ake ogula maloko ayamba kufunsa ngati mdala wa pakhomoyo samawaona makiyi a malokowo. Anati iye sakundiganizira choipa, koma nkhaniyi ikapanda kuzizira pofika kumapeto kwa mwezi, ndipeze khonde lina. Mng'ono wanga, pamsinkhu wangawu khonde lina ndikalipeza kuti? Anthu amadulitsa kiyi kwa munthu amene amuzolowera nkhope. Kwachilendo ndikhoza kukhala chaka ndikuthamangitsa ntchentche.

Ndinaganiza masiku awiri, kenako ndinapita kwa kapitawo woyang'anira nyumba yosanjayo. Anthu amamutcha Ndafulumira, chifukwa moni wake ndi umenewo. Ndinamuuza kuti ndimasula makiyi onse pa waya, tiwayese pa chitseko chilichonse iye akuona, eni nyumba akuona. Anati alibe nthawi yoperekeza nkhalamba pamasitepe. Ndinati nanenso nthawi yanga yatsala yochepa kuposa yake, ndiye tiyambe mawa. Anavomera.

Makiyi anali oposa mazana anayi, koma maloko a m'nyumbamo ndi a mtundu umodzi, choncho nditasankha anatsala 63 olowa m'bowo lake. Ndinawaika m'chitini. Chitseko chilichonse makiyi 63, mmodzimmodzi, woyesedwa ndikumuponya m'thumba la jekete. Anthu anatuluka kudzaonerera. Bambo wina wonenepa anati ndikapeza wotsegula mtima wa landilodi ndimugulitse, alipira bwino. Mayi wina anati ndikapeza wotseka pakamwa pa mwamuna wake, iye alipira kuposa pamenepo.

Pa chitseko cha namwino ndinachita dala kuchedwa. Iye anaima pambali atapinda manja, osandipatsa moni. Onse 63 anakana. Nditamaliza anati zimenezi sizikutanthauza kanthu, wakuba sapachika kiyi wogwira ntchito pa waya, amamusunga m'thumba. Ananena zoona. Kuti ulibe chinthu sungamuonetse munthu. Ungangomuonetsa zimene uli nazo.

Tsiku loyamba tinamaliza nsanja ziwiri, palibe anatsegula. Tsiku lachiwiri mawondo anali atatupa, masitepe ndinkakwera chokhala ngati mwana wophunzira kukwawa. Oonerera anali atatopa nazo, aliyense anapita ku zake. Titafika pamwamba penipeni, cha m'ma 3 koloko masana, tinatsala awiri, ine ndi Ndafulumira. Foni yake inalira, anapita kumapeto kwa khonde, n'kundifulatira, akukangana ndi munthu wa mapaipi.

Ndinali pa chitseko cha 31, cha mphunzitsi wina amene anali ku sukulu. Ndinalowetsa kiyi wachikasu wakalekale. Ndinangomva khethe. Chitseko chinatseguka pang'ono, ndinaona nsapato za ana zitandandalikidwa pakhoma.

Ndinadziwa pomwepo chimene chachitika. Kiyi ameneyu anakanadi zaka zapitazo loko ali watsopano. Koma loko akakalamba m'kati mumaperepeseka, amayamba kulola ndi amene ankawakana. Zaka zonsezi ine ndinkati okanawo ndi akufa, osadziwa kuti nyumba ya mphunzitsi ikulendewera pamsewu, poti aliyense akhoza kutambasula dzanja ine ndikapita kokataya madzi.

Sindikunamiza, dzanja langa linayamba lokha kubweza chitseko. Kukoka pang'ono, kuzunguliza, kuponya m'thumba pamodzi ndi anzake, ndani akanadziwa? Panatsala zitseko zisanu zokha kuti ndituluke woyera. Koma ndinaganiza kuti ndikatero, mawa ndidzakhala pakampando paja ndikuuza anthu kuti onse anakana, ndipo ndidzanena zimenezo tsiku lililonse mpaka kufa. Ndinaona kuti ntchito imeneyo ndi yolemera kuposa kukwera masitepe. Ndinamuitana kapitawo, kiyi ali m'loko momwemo.

Usaganize kuti anandiyamikira. Anakalipa kuti ndiye kuti anthu amanena zoona, ndimapachikadi nyumba zawo pamsewu. Ndinati inde, imodzi ndinaipachika, mosadziwa. Walira mvula walira matope, kuyesako ndinapempha ndine. Tinamaliza zitseko zotsalazo, palibe china chinatseguka. Mphunzitsi atabwera ndinamuuza ndekha, ndisanalole kuti amve kwa ena. Ndinagula loko watsopano m'sitolo muja n'kumuikira tsiku lomwelo. Iye anangoti zikomo, koma zikomo wake anali wouma.

M'mawa mwake ndinayala makiyi onse mazana anayi aja pa mwala wa pakhonde, n'kuwaphwanya mano ndi nyundo, mmodzimmodzi, anthu akudutsa. Mayi wa zipatso anati agogo ayamba kuzula mano, amene dzino likumuwawa afole. Zinanditengera mpaka masana. Zidutswazo anatenga wogula zitsulo zakale.

Tsopano kagwiridwe kanga kasintha. Kiyi wa munthu sachoka pamaso pa mwini wake. Akati andisiyire akagule zinthu, ndimamuuza kuti akhale pakampando, mphindi zisanu sizipha. Kiyi akalakwika ndimamuphwanya iye akuona, n'kumupatsa chidutswacho apite nacho. Wobwera ndi sopo wodindapo kiyi wa eni ake, monga amachitira akuba, ndinkamubweza kale, panopa ndimamubweza mokweza mawu kuti ndi a kutsidya amve.

Sabata yoyamba sikunabwere munthu. Yachiwiri kunabwera mphunzitsi uja ndi kiyi wa kabati ya ku sukulu. Sanakhale pansi, anaima pamutu panga mpaka ndinamaliza, koma anabwera. Lachisanu lapitali Ndafulumira anatula patebulo panga maloko asanu ndi awiri a nsanja ya pamwamba kuti ndiwasinthe zam'kati, chifukwa onse akalamba ngati wa 31 uja. Anati ndisadzimve, wangosowa nthawi yopita kwa wina. Nsanja zinazo sananenepo kanthu. Namwino akafika pafupi ndi ine amawoloka msewu, ndipo wakuba wake sanapezeke. Mwina mpaka pano akuti ndine. Pamenepo palibe chimene ndingachite.

Dzulo mwini sitolo wandiuza kuti ndikhale, koma pansanamira pake pasadzapachikidwenso kiyi wa munthu. Ndavomera. Vuto ndi lakuti tsopano tebulo langa likuoneka ngati la wogulitsa machesi. Achilendo akudutsa osandiona, ena akufunsa ine ndemwe kuti mdala wa makiyi uja anasamukira kuti.

Pempho langa ndi limeneli. Iwe manja ako pa malata ndi abwino, zidebe ndi mbaula wakhoma moyo wako wonse. Undidulire kiyi mmodzi wa lata lokhuthala, wotalika ngati mkono wako kuchokera paphewa, ndi bowo kumutu lopisapo waya. Upinde m'mbali mwake kuti asacheke anthu, ndipo ngati utoto wachikasu ulipo umupake. Kuno ondipangira alipo, koma lata lawo ndi lopyapyala, mvula imodzi lachita dzimbiri. Mano ake udule mmene ungafunire, atatu kaya asanu, chifukwa chitseko chake kulibe.

Undiperekere moni kwa alamu anga, kwa mlongo wathu ndi ana ake, kwa azakhali ngati makutu akumvabe, ndi kwa adzukulu onse mpaka wakhanda amene sindinamuone. Mlamu wako akuti moni wambiri. Undiyankhe msanga, undiuze ngati utha, ndiponso tsiku ndi basi imene udzamutumizire, kuti ndikamudikire ku siteji ndisanatsegule.

Tsala bwino,

Ine mkulu wako,
wa makiyi