Denga la Kagalimoto Lapendekeka

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ine ndilipo, chifuwa chija chinatha.

Lamlungu abwana atachoka, ndinatsala ndekha mumpanda muno ku Area 10. Ndinatulutsa kagalimoto kathu ka malata kaja kuti nditsitse denga, kaoneke ngati ka mpikisano monga munkafunira. Paja ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina kugwira denga, wina kudula nsanamira zonse mofanana. Ine ndinangokapana ndi mawondo. Pa nsanamira yomaliza kanayamba kuterereka, ndipo ndinangozimva ndikuti, "Gwirani apa, achimwene!" Amene anatembenuka ndi galu wa abwana basi.

Ndinadula mopitirira, denga lapendekera kumanzere. Sindilikonza, likudikira inu. Mundiuzeko mwezi umene mubwere, ngakhale wongoyerekeza.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane