Mwana Wobwera Naye Mochedwa

Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo miyendo ija yasiya kukuvutani. Ine ndilipo, kungoti kudziko la eni kuno kumazizira koopsa.

Ntchito yanga yongodzipereka pachipatala chakumudzi chino ndi yoyeza makanda pasikelo. Ndimawapachika m'kathumba, amalira, kenako ndimawabwezera kwa amayi awo.

Lachiwiri kunabwera mtsikana wina ndi mwana wotentha thupi ngati mbaula, apongozi ake ali pambuyo. Nditamunyamula mwanayo, anali wopepuka ngati nsanza. Anesi atafunsa chimene anachedwera, apongoziwo anati, "Timati tione kaye mawa."

Azakhali, ndinawalalatira apongozi amenewo m'chilankhulo chathu mpaka anesi anandikokera panja. Mayiwo sanatolepo kanthu, amangondiyang'ana kukamwa. Mwanayo sanafike madzulo.

Mwalemba kuti ndibwerere kunyumba, zakale zinapita. Zinapita kuti? Mawu akuti "tione kaye mawa" ine ndinayamba kuwamvera m'nyumba mwanu, mwana wanga ali m'manja.

Kamanda kaja muzikalambulako, udzu usakakwirire. Zobwerazo sindinaziganizire.

Ndine mwana wa achimwene anu.