Magazi a Tsiku Lachisanu ndi Chiwiri

Akamwini,

Landirani moni. Ndikhulupirira muli bwino kuntchito kwanuko. Kuno tilipo, kupatula mawondo angawa. Mkazi wanu anatuluka m'chipatala masabata awiri apitawo. Akuyenda pang'onopang'ono, atagwira khoma.

Sindine munthu wa makalata. Ndalemba chifukwa chitulukireni simunamuimbire foni, ndipo ndamva zimene munanena, zoti anathamangira mpeni osakufunsani. Sizinali choncho. Ine ndinalipo.

Dokotala atamuunika anati mimba sinakhale m'chiberekero koma m'njira ya mazira, ndipo singakule mpaka kubadwa mwana. Anati popeza inali ikadali yaing'ono, akhoza kumubaya jakisoni, koma azibwera kudzayezetsa magazi tsiku lachinayi, lachisanu ndi chiwiri, mpaka iwo atanena kuti zatha. Apo ayi opaleshoni, kuchotsa njirayo. Anati asankhe mwini wake.

Mwana wanga anayang'ana ine. Ine ndinati jakisoni, osanena chifukwa. Malemu mayi ake analowa m'chipinda cha opaleshoni zaka zambiri zapitazo, ndipo chimene anamwino anandibwezera ndi nsapato zawo.

Jakisoni sanalakwe. Tsiku lachinayi tinapita. Tsiku lachisanu ndi chiwiri ndinamupeza akusita zovala, akundiseka kuti kolala ya malaya anga yapindika ngati lilime la nsapato. Ndasoka nsapato zaka makumi anayi, ndipo chinthu ndimachiweruza ndi maso. Ndinati wachira, magazi akumupopawo angomufooketsa pachabe. Iye anati dokotala ananenetsa. Ndinamufunsa ngati m'nyumba muno wamkulu ndi dokotala. Kapepala ka masiku a kuchipatala ndinakatsekera m'bokosi la misomali, ndipo sitinapitenso.

Patapita masiku atatu anadandaula phewa, kenako anagwa pakhomo la bafa. Njira ija inali itaphulika. Panalibenso zosankha, koma opaleshoni basi. Ndinakhala pabenchi maola awiri, nsapato zake zili pamiyendo panga.

Dokotala sanandikalipire. Anangoti magazi aja akanatha kuwachenjeza msanga. Anatinso njira inayo yatsala yabwinobwino, ndipo mwana ndi wotheka, ngakhale iye sangalonjeze.

Mkazi wanu anandiletsa kukuuzani zimenezi. Akuti nkhalamba isachite manyazi pamaso pa mkamwini. N'chifukwa chake wasenza yekha mawu anu aja. Ine ndatopa kumuyang'ana atawasenza.

Ngati muli ndi mkwiyo, bwerani nawo kwa ine, pamene ndimakhala mukupadziwa. Koma iye muimbireni. Foni amaisiya pawindo la kukhitchini, pokhapo pamene pamagwira netiweki. Akamayenda atagwira khoma muja, amakhala akupita kumeneko.

Mundiperekere moni kwa mayi anu ndi achimwene anu. Mulungu akusungeni pantchito yanu.

Ndine,
Apongozi anu