Mwana Ali kwa Agogo Ake

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Mpunga wakudambo wachita bwino, ndipo bambo a Yusufu ali ku Mbenji, akuti utaka ukugwidwa. Yusufu wayamba kumadarasa, koma ulesi ndi womwe uja munamusiya nawo.

Za mwana amene munandisiya naye m'mimba mukuzidziwa kale. Tinam'patsa dzina lanu. Ankanenepa, Amayi. Galimoto yasikelo ikaima pansi pa mango aja, anamwino ankamukoleka m'kathumba, muvi n'kukwera, ine mtima m'malo. Katemera ndi mkaka waufa wochokera kwa azungu, zonse tinalandira. Koma thupi litamutentha m'dzinja, msewu wa ku Khombedza unali utaduka. Sitinafike naye kuchipatala.

Sabata yatha kunabwera mzungu wamkazi kudzaona ngati thandizo lakwawo likupindula. Atcheyamani achipani anatichenjezeratu kuti alendo asamve zochititsa dziko manyazi. Tinavina, kenako mzunguyo anayamba kufunsa mayi aliyense za mwana wake. Inu munkati khanda silimwalira, limangobwerera kumene linachokera, ndipo mawu enawo munkatiletsa kuwatchula. Atafika pa ine ndinangoti, "Wabwerera."

Mzunguyo anamwetulira, nandigwira paphewa. Ndinadabwa nazo. Anamwino ndiwo anandinong'oneza pambuyo pake kuti womasulira, bambo wina wovala tayi, anauza mzunguyo kuti mwana wabwerera kumudzi kwa agogo ake. Kaya mawuwo sanawamvetse, kaya anaopa maso a atcheyamani, sindikudziwa. Anzanga ena ofedwa anayankhanso ngati ine. Tsopano tikumva kuti kwathu kuno kwalembedwa kuti ana sakufa, ndiye galimoto ija aipititsa kwina kumene kuli mavuto. Anayeza amene anali pamsana, amene ali kumanda palibe anawayeza.

Amayi, ndili ndi pakati pena, ndipo dzinja likubwerali ndikuliopa kwambiri.

Ndikaganiza, womasulira uja sananame. Mwana alidi kwa agogo ake. Muzim'bereka momasula nsalu pang'ono, sakonda kumangidwa zolimba.

Koma mundikhululukire. Mzungu akadzabweranso, ndidzaimirira pamaso pa atcheyamani, ndidzatchula mawu amene munatiletsa aja, mokweza, kuti womasulira asowe kowakhotetsera: mwana wanga anamwalira. Ndikulonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mariamu